Letesi wa m'madzi ndi ndiwo za manyowa: momwe mungayambire pakhomo panu ku Mzuzu

Anthu akabwera kwathu kudzagula ndiwo, ambiri sachedwa pa mabedi a repu. Amalunjika ku shedi kukasuzumira m'mabokosi momwe letesi akukula mizu ili lende m'madzi, popanda ndi kadothi komwe. Funso limakhala limodzimodzi: "Mayi, kodi zimenezi nanenso ndingathe?" Mungathe ndithu. Ife tinayamba ndi zigubu za mafuta ophikira pakhonde, cha kuno ku Dunduzu, ndipo lero aliyense m'banjamo ali ndi gawo lake, kuyambira bambo a kunyumba mpaka mwana wa sitandade 7.

Koma ndisanafike pa mabokosi, mumve kaye ichi. Pakhomo pathu pali minda iwiri. Wa m'madzi, womwe ena amautchula kuti hydroponics, umadya feteleza wogula. Wa m'dothi umadya manyowa okhaokha, ndipo umenewu ndiye tingautchule kuti oganiki. Ndiwo zake sitiziika m'dengu limodzi, ndipo dzina la munda uwu sitiupatsa munda uwo. Zonse zomwe ndikulemba apa zatsamira pamenepo.

Yambani ndi wogula, osati ndi mbewu

Musanaboole chigubu chilichonse, lawirirani tsiku lina kumsika wa Zigwagwa ndi kumsika waukulu wa m'tauni. Muone milu ya mpiru, repu ndi chainizi yochokera m'madimba ozungulira mzindawu, ndi tomato wotsika pa malole kuchokera ku Jenda. Mufunse mitengo. Mukatero mudziwa nokha kuti masamba amenewa si olima m'madzi, chifukwa ndalama ya feteleza idzapitirira ya mtolo womwe mudzagulitse. M'madzi mumalowa mbewu za mtengo wabwino zomwe zimavuta kupeza: letesi poyamba, kenako basil, parsley, coriander ndi mint, zomwe ophika m'malesitilanti amazifunafuna.

Mukachoka kumsika, pitani kukhitchini za malo ogona alendo ndi malesitilanti, mulankhule ndi wophika mwini wake, osati wa pakauntala. Mumufunse kuti amafuna letesi wa mtundu wanji, mitu ingati pa sabata, tsiku liti, ndiponso miyezi iti yomwe amamusowa. Wophika wina anandiyankha kuti, "Mayi, chilimwe letesi ndi mbwee. Mundipezere mu Malichi ndi Epulo, apo ndiye tigwirizana." Mawu amenewo ndiwo anatipatsa bizinesi. Mvula ya kuno ku Mzuzu imachedwa kusiya, imafika mu Epulo mwinanso Meyi, ndipo letesi wa pansi nthawi imeneyo amadzaza matope ndi kuola. Wanu, wokhala pansi pa denga, amatuluka woyera.

Chiwerengero chomwe ogula akupatsani ndicho chikuuzeni kukula kwa shedi yomwe mumange. Osati mosemphanitsa.

Malo ndi denga

Sankhani malo osalala omwe amaona dzuwa maola osachepera 6 pa tsiku, makamaka la m'mawa. Mzuzu ili pamtunda, mamita opitirira 1,200 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo kuzizira kwake letesi amakukonda. Chomwe sakonda ndi mvula yogwera m'chigubu, chifukwa imasungunula chakudya ndi kumiza mizu. Choncho denga ndi lofunika kuyambira tsiku loyamba.

Ngati mukungoyesa, khonde loyang'ana kum'mawa likukwanira. Mukafuna shedi yeniyeni, imikani mitengo ya bulugamu, mufolere ndi pepala la pulasitiki loonekera, lija lokhuthala la ma greenhouse la 200 micron. Pepala wamba limaphika ndi dzuwa n'kuyamba kuthetheka chaka chisanathe. Denga likhale lotsetsereka kuti madzi asadekhe pamwamba, ndipo m'mbali musatseke ndi pulasitiki. Siyani mphepo idutse, mungotchinga ndi waya wa nkhuku kapena neti. Shedi yotsekeka mu Okutobala imasanduka uvuni, ndipo nthawi ya nkhungu imasunga chinyontho chomwe chimabweretsa chuku pa masamba. Ikaninso gatala ndi mgolo pansi pake. Madzi a mvula ndi abwino kwambiri pa ulimi uno chifukwa alibe mchere wambiri, ndipo kuno sitiwasowa.

Chigubu choyamba

Njira yomwe timagwiritsa ntchito imatchedwa ya Kratky, kutengera dzina la katswiri wa ku yunivesite ya Hawaii, B. A. Kratky. Ndinaisankha pa chifukwa chimodzi: siifuna pampu, siifuna magetsi. Mwaonapo zithunzi za mapaipi oyera ataliatali omwe madzi amayenda mkati mwake. Ndi okongola, koma magetsi akazima masana pampu imaima, ndipo mizu imauma m'maola ochepa. Amene alibe sola ndi batire yodalirika ayambe asiya zimenezo.

Tengani chigubu cha malita 5, chija cha mafuta ophikira. Chitsukeni ndi sopo ndi madzi otentha mpaka mafuta onse atachoka. Chigubu chomwe munali petulo, dizilo kapena mankhwala a mbewu musachiyandikire n'komwe. Dulani kukamwa kwake kuti pakhale bowo lokwana kapu ya pulasitiki, monga ya yogati, yoti ikalowa igwire ndi mkombero wake osagwera mkati. Kapuyo muiboole pansi ndi m'mbali ndi msomali wotentha, mabowo ambiri, kuti mizu idzapeze potulukira.

Kenako chigubucho chisalowe kuwala. Chikulungeni ndi pepala lakuda, pamwamba pake mukutire ndi thumba loyera kuti chisatenthe ndi dzuwa. Kuwala kukalowa, madzi amachita ndere, ndipo nderezo zimadya chakudya cha letesi ndi mpweya womwe. Chigubu chimodzi, mutu umodzi. Letesi mmodzi amamwa malita 4 mpaka 6 kuchokera tsiku lowokera kufikira lokolola, n'chifukwa chake chigubu cha malita 5 chimangokwanira bwino.

Yambani ndi zigubu khumi. Zikakuyenderani maulendo awiri motsatizana, mupite ku bokosi.

Feteleza: apa ndi pomwe ambiri amagwa

Ndichedwapo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe ndinataya mbande zanga zoyamba. Mbewu ya m'dothi imapeza zambiri m'dothimo, feteleza amangoonjezera. Ya m'madzi ilibe kwina kopeza. Chilichonse chomwe ikufuna, kuyambira nitrogen, phosphorus ndi potassium mpaka calcium, magnesium, iron ndi tina ting'onoting'ono, chiyenera kukhala m'madzimo.

Ndiye feteleza wa chimanga sagwira. Urea amadalira tizilombo ta m'dothi kuti timusandutse chakudya chomwe mizu ingamwe, ndipo m'chigubu timeneti mulibe tokwanira. D Compound ndi 23:21:0+4S sasungunuka yense, amasiya matope pansi, komanso zofunika zina mulibe. Msampha waukulu ndi CAN. Dzina lake ndi calcium ammonium nitrate, ndipo si chimodzimodzi ndi calcium nitrate yemwe ulimi wa m'madzi umafuna. Ine ndinapita m'sitolo ina ya zaulimi kukafunsa calcium nitrate, anandipatsa CAN n'kunditsimikizira kuti ndi yemweyo. Patatha sabata ziwiri mizu inali itabiriwira, masamba atapsa m'mphepete. Werengani thumba nokha musanalipire.

Chomwe mukufuna ndi feteleza wopangidwira ulimi wa m'madzi. Ena amabwera m'mabotolo kapena m'mapaketi awiri olembedwa A ndi B. Akakhala otero, tsatirani muyezo wolembedwa pa paketipo. Ena amabwera patatu: ufa wa 4-18-38, monga wa Masterblend, mchere wa Epsom womwe umapezeka m'mafamase, ndi calcium nitrate. Muyezo wa letesi pa ndowa ya malita 20 ndi uwu: magalamu 12 a 4-18-38, magalamu 6 a Epsom, magalamu 12 a calcium nitrate. Gulani kasikelo kakang'ono ka batire koyeza magalamu. Supuni imanama, chifukwa ufa wina ndi wolemera kuposa unzake.

Kasakanizidwe kake kali ndi ndondomeko. Dzazani ndowa ndi madzi kaye. Thirani 4-18-38 n'kutakasa mpaka asungunuke. Thirani Epsom, mutakasenso. Calcium nitrate musungunulire m'kapu yapadera, alowe pomaliza. Mukawaphatikiza onse m'timadzi tochepa, calcium amagwirana ndi sulphate ndi phosphate n'kukhala zoyera zomwe zimadikha pansi ngati laimu, ndipo mbewu singazimwenso. N'chifukwa chake A ndi B amagulitsidwa mosiyana.

Madzi a pampopi ali ndi klorini, choncho atungeni lero mugwiritse ntchito mawa, agone m'ndowa yosavundikira. Madzi a mumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa ayi. Letesi amadyedwa wosaphika, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023.

Pali zoyezera ziwiri. Choyamba ndi cha pH, chomwe chimaonetsa kuwawasa kwa madzi. Letesi amafuna pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ikakwera kupitirira pamenepo, mizu imalephera kumwa iron ngakhale alimo, ndipo masamba a pamsonga amatuluka achikasu. Timapepala toyezera pH tikukwanira poyamba. Potsitsa pH pali mankhwala ake otchedwa pH down, omwe mumadontheza pang'onopang'ono. Madzi a mandimu amatsitsanso, koma patapita tsiku limodzi kapena awiri imakweranso. Chachiwiri ndi kamakina ka EC, koyeza kuchuluka kwa feteleza m'madzi. Letesi amakhala bwino pakati pa 1.2 ndi 1.8. Ikapitirira, onjezerani madzi. M'miyezi yotentha ndimakonda kukhala chakumunsi kwa muyezowu, chifukwa mbewu imamwa madzi ambiri n'kusiya mchere ukuchulukana.

Feteleza ameneyu amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinamva kuwawa kwake. Musungeni m'chigubu chotseka bwino, makamaka calcium nitrate, yemwe amakoka chinyontho cha kuno n'kusanduka phala.

Mbande

Dulani siponji yatsopano, ija ya matiresi, m'tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu. Ng'ambani pang'ono pamwamba, muikemo kambewu kamodzi kapena tiwiri, osakwirira mozama. Ndandalikani tizidutswato m'thireyi yokhala ndi timadzi pansi, pamthunzi. Pakati pa masiku 3 ndi 7 zimera. Zikangomera zitulutseni zione kuwala, apo ayi zimatalika n'kukhala zofooka ngati ulusi. Muyambe kuzipatsa madzi a feteleza osungunula, theka la mphamvu yake. Mu Okutobala ndi Novembala fesani madzulo ndipo thireyi ikhale pozizira, chifukwa mbewu ya letesi ikatenthedwa imakana kumera.

Pa mtundu, sankhani letesi wa masamba omasuka kapena butterhead. Great Lakes, yemwe amapezeka kwambiri m'masitolo, amakulunga mutu ngati kabichi, amachedwa, ndipo amamaliza madzi a m'chigubu asanakhwime.

Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, mbande ikakhala ndi masamba enieni awiri kapena atatu ndipo mizu yatulukira pansi pa siponji, yakwana kuwokera. Ikani kasiponjiko m'kapu, muzungulize ndi timiyala totsuka, njerwa zoswa kapena mankhusu a mpunga owaula. Mankhusu amapezeka m'zigayo zomwe zimapuntha mpunga wa ku Karonga. Utuchi wa paini wosaola musaugwiritse ntchito.

Mpata wa mpweya

Chinsinsi chonse cha njira ya Kratky chagona apa. Tsiku lowokera, madzi afike pansi pa kapu n'kumiza kapuyo sentimita imodzi kapena awiri basi. Letesi akamakula amamwa, madzi amatsika, mizu imawatsatira pansi. Pakati pa kapu ndi madzi pamatsala mpata wa mpweya wonyowa, ndipo mizu ya pamenepo imachita tiubweya toyera. Imeneyo ndiyo mphuno za mbewu.

Munthu wachifundo akaona madzi atsika amafuna kudzazanso. Apongozi anga, omwe ndiwo zamasamba azilima moyo wawo wonse ku Ekwendeni, anatero tsiku lina ine kulibe, pofuna kundithandiza. M'mawa mwake letesi anali atafota ali m'madzi odzaza. Mizu yopumira ikamizidwa, mbewu imabanika. Choncho uzani aliyense pakhomo kuti m'chigubu simuthiridwa kanthu. Ngati madzi atsala pang'ono kutheratu letesi asanakhwime, onjezerani pang'ono, masentimita awiri kapena atatu okha, theka la mizu likhalebe pamtunda.

Kamodzi pa sabata tukulani kapu muone mizu. Yoyera ndi yathanzi. Yabulauni, yoterera ndi yonunkha ndiye kuti yaola, ndipo chigubu chimenecho chichotseni pakati pa zinzake. Masamba a mkati akapsa m'mphepete nthawi yotentha, vuto ndi calcium yemwe sakufika kumsonga chifukwa mpweya sukuyenda. Tsegulani m'mbali mwa shedi, masana muyale neti ya mthunzi pamwamba.

Ndipo musaiwale udzudzu. Madzi odekha osavundikira ndi nyumba yake, ndipo simungamalime letesi uku mukuweta malungo pakhomo. Bowo lililonse litsekedwe ndi kapu yake, lomwe mulibe mbande mulitseke ndi pulasitiki, mgolo wa madzi a mvula ukhale ndi chivundikiro.

Letesi amakhwima sabata 4 kapena 5 chiwokerereni. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira ndi nkhungu ija ya m'mawa, muwerengere sabata ina yoonjezera. Nthawi yotentha musachedwe kukolola, chifukwa akayamba kutalika kufuna kuchita maluwa amawawa.

Kuchoka pa zigubu kupita pa bokosi

Khomani bokosi la matabwa, mamita 2 m'litali, mita imodzi m'lifupi, masentimita 15 kuya. Zigwagwa za paini zochokera ku Chikangawa zimagwira ntchito, bola muzipale pasakhale zobaya. Yalani mkati pepala lakuda lokhuthala, mapepala awiri ngati mungathe. Madzi akafika masentimita 12, bokosilo latenga malita 240, kutanthauza makilogalamu 240, choncho likhale pansi posalaza bwino kapena pa njerwa zolimba. Likapendekeka, mbande za mbali ina zimira pomwe za mbali inayo sizikufika pamadzi. Chivundikiro chikhale cha pulayiwudi yopaka penti yoyera, yochirikizidwa ndi timitanda kuti isapindike, ndi mabowo otalikirana masentimita 25 m'litali ndi 20 m'lifupi. Mabowo amakwana 40, mutu uliwonse malita 6. Feteleza wake ndi magalamu 144, 72 ndi 144, motsatira ndondomeko ija.

Musadzale mabokosi onse tsiku limodzi. Wogula amafuna letesi sabata iliyonse, osati mitu 200 kamodzi kenako mwezi wathunthu zii. Ndi mabokosi asanu kapena asanu ndi limodzi, mukuwokera limodzi sabata iliyonse, mudzakolola sabata iliyonse. Mukakolola, tsukani bokosi ndi makapu ndi madzi othira Jik pang'ono, mutsukuluze, muumitse padzuwa. Madzi otsala m'bokosi thirirani maluwa kapena kapinga. Ku mabedi a manyowa asapiteko, chifukwa ndi feteleza.

Munda wa m'dothi

Uku ndiye kumadyetsa banja tsiku ndi tsiku, ndipo makasitomala omwe amabwera kudzaona letesi amabwerera ndi karoti, anyezi, zitheba ndi bonongwe. Ntchito yake imayamba miyezi itatu musanafese, pa mulu wa manyowa.

Mulu ukhale wosachepera mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Pansi yalani timitengo ndi mapesi kuti mpweya uzilowa. Kenako muzisanjika: zouma monga udzu ndi masangwi a nyemba, zaziwisi monga deliya ndi zotsalira za kukhitchini, ndowe kapena zitosi za nkhuku, kadothi ka pamwamba, phulusa lowaza pang'ono, n'kuwaza madzi. Bwerezani mpaka mulu ukwane. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni muigwire: ikatentha, zikuyenda. Ikazizira ndi youma, thirani madzi. Ikanunkha zoola, madzi achuluka, tembenuzani muonjezere zouma. Kuno mvula ndi yambiri, choncho vundikirani mulu ndi masamba a nthochi kapena pepala, kapena muumate ndi dothi monga alangizi amaphunzitsira pa manyowa a chimato. Muzitembenuza pakatha sabata ziwiri kapena zitatu zilizonse. Akapsa amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango ya Kaning'ina.

Zitosi zaziwisi musaziike pa bedi la ndiwo zomwe mukolole posachedwa. Zimawotcha mbande, komanso zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Za manyowa a Mbeya, omwe atchuka masiku ano, ndinene mosabisa: ndi othandiza pa chimanga, koma popanga amathiramo feteleza wa m'sitolo. Mukawaika pa bedi, ndiwo zake musazitchulenso kuti oganiki.

Mabedi akhale mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lifike pakati osapondapo. Malo ambiri kuno ndi otsetsereka, ndiye bedi lipingase chitunda, lisatsate kotsikira madzi. Dzinja likwezeni masentimita 20 mpaka 30, chilimwe likhale lotsika kuti lisunge chinyontho. Ngati muli m'dambo, siyani mpata wa udzu pakati pa dimba ndi mtsinje. Pa bedi la mamita 5 timathira mawilibala awiri a manyowa okupsa. Katondo wathu wofiirayu amakonda kukhala wowawasa chifukwa mvula imakokolola mchere wake, ndipo phulusa la nkhuni lowaza pang'ono limathandiza. Mukadzala, phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere.

Repu ndi chainizi muwokere motalikirana masentimita 30 mpaka 45. Anyezi masentimita 10. Karoti safuna kuwokera: fesani pomwepo, mupatulire kuti atalikirane masentimita 5, ndipo pa bedi lake pasakhale manyowa atsopano chifukwa amachita mphanda. Bonongwe ndi wachangu, mwezi usanathe mwayamba kuthyola, ndipo tizilombo sitimuvutitsa ngati repu. Chitani kasinthasintha. Repu, mpiru, chainizi ndi kabichi ndi banja limodzi, matenda awo ndi amodzi, choncho pomwe pachoka repu pabwere zitheba kapena nsawawa, kenako karoti kapena anyezi. Tomato wa dzinja wopanda mankhwala kuno ndi nkhondo, chiwawu chimamumaliza m'masiku ochepa. Ife timamudzala chilimwe chokha.

Pa tizilombo, mankhwala oyamba ndi maso anu. M'mawa uliwonse tembenuzani masamba, mutole mbozi ndi nkhono, muphwanye mazira. Ana amaidziwa bwino ntchito imeneyi. Nsabwe za m'masamba zimagonja ndi madzi a sopo wochepa wosakaniza ndi adyo ndi tsabola wosinja. Zikakula mphamvu timapita ku mtetezga, womwe kumwera amati ombwe. Umitsani masamba ake pamthunzi, musinje, muviike kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi pamodzi ndi kasopo pang'ono usiku wonse, musefe ndi nsalu, mupopere madzulo dzuwa litapepa. Kafukufuku yemwe akatswiri a ku yunivesite ya Mzuzu ndi ku malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa anatengapo mbali anapeza kuti si mtetezga wonse uli ndi mphamvu yopha tizilombo, ndiye mbewu yake mukapemphe kwa mlimi yemwe wake amagwira. Ndipo poti ndi wachilengedwe sindiye kuti ndi wosaopsa. Amapha nsomba, choncho zotsukira zisapite kumtsinje kapena ku damu la nsomba. Valani zotchinga manja ndi kukamwa, ndipo mudikire sabata musanathyole. Pa letesi ndi zina zodya zosaphika ine sindipopera n'komwe.

Kukolola ndi kugulitsa

Kololani m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Letesi wa m'madzi timamuzula ndi mizu yake, n'kukulunga mizuyo m'kapepala konyowa. Wotere amakhala masiku angapo osafota, ndipo amafika bwino ngakhale ku malo ogona alendo a ku Nkhata Bay, ulendo wosakwana makilomita 50 koma wotsikira kotentha. Muikeni m'kreti mosapanikiza, pamwamba nsalu yonyowa. Wa kabaza mmodzi wokhulupirika, yemwe akudziwa kuti kreti siimangidwa ndi mphira pamwamba pa masamba, ndi wofunika ngati feteleza yemwe.

Maoda a m'makomo timatolera pa WhatsApp. Lachitatu madzulo timalemba zomwe zilipo ndi mitengo yake, Lachinayi timatseka, Lachisanu m'mawa timapereka ku Katoto, ku Luwinga ndi m'tauni, malipiro pa Airtel Money kapena Mpamba. Musalonjeze mitu yoposa yomwe ili m'bokosi. Ndipo ngongole ya malesitilanti muigwirizane tsiku lake lolipira musanapereke kreti yoyamba.

Pa uthenga wa Lachitatu uja timalemba mitu iwiri yosiyana. Pamwamba: "Za m'dothi, za manyowa okhaokha, zopanda feteleza ndi mankhwala a m'sitolo." Pansi: "Za m'madzi, zodyetsedwa feteleza wosungunula, zosapopera mankhwala." Alipo omwe anandilangiza kuti ndingolemba oganiki pa zonse, mtengo ukwere. Ndinakana, ndipo ndikupemphani nanunso mukane. Ena mwa ogula athu ndi odwala, ena akugulira ana aang'ono, ndipo amasankha potengera mawu athu. Mayi wina atawerenga anandiimbira kufunsa kuti, "Asisi, ndiye wa m'madziyu ndi woipa?" Ndinawafotokozera kuti ayi, mchere womwe mizu imamwa m'bokosi ndi womwewo womwe imamwa m'dothi manyowa akaola, kungoti gwero lake ndi la kufakitale. Anaoda zonse ziwiri, ndipo mpaka lero amaoda.

Pomaliza gulani kope. Tsamba lililonse likhale la bokosi limodzi kapena bedi limodzi: tsiku lofesa, lowokera, magalamu a feteleza, pH, mitu yomwe yakololedwa, yomwe yawonongeka, ndalama yomwe yalowa, ya kabaza ndi ya mayunitsi. Kwathu kopeli amasunga ndi mwana wathu wamkulu, ndipo Lamlungu tikachoka kutchalitchi timakhala pansi tonse kuwerengera. Ndi kopelo lomwe linationetsa kuti sipinachi wa m'madzi sankabweza ndalama yake, n'kumubwezera ku dothi, komanso kuti basil, yemwe tinkamuyesa wongokometsera, amalipira feteleza wa bokosi lonse. Muwerenge mitu yomwe ogula anu akufuna pa sabata, muonjezerepo khumi ya zowonongeka, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho mufese m'thireyi Loweruka likubwerali.